Camarão wa Piripiri ndi Mandimu: Ndiwo za ku Gombe la Mozambique

 Lero tikamba za ndiwo zimene ambiri mwa ife sitinakule nazo, koma zimene tsopano zimapezeka m'mafuriji a masitolo akuluakulu m'mizinda yathu, ndiponso zimene apaulendo ochokera ku Beira ndi ku Quelimane amabwera akuzisimba. Ndiwozi ndi camarão wophika ndi tsabola wowawa pamodzi ndi mandimu. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo kuphika kwake sikukwana mphindi 10, kotero kuti mayi amene anazolowera kutereka nyemba ndi kupita kukatunga madzi akhoza kuononga ndalama za ndiwo za mlungu wathunthu asanafike n'komwe ku chitsime.

Dzina lakuti camarão ndi la Chipwitikizi, ndipo polankhula limamveka ngati kamarau. Ndilo limene mudzamve m'misika ya ku Mozambique, pamene pa mapaketi a m'masitolo a kuno kwathu pamalembedwa prawns kapena shrimp. Kanyama kameneka ndi kachibale ka nkhanu. Kali ndi chigoba chopyapyala, ndevu zazitali, timiyendo tambiri kunsi kwa mimba, ndi mchira wa mnofu woyera umene ndiwo timadya. Ena akakaona koyamba amachita tsinya, amati kakufanana ndi chiwala chopanda mapiko. Sakunama ayi, koma munthu amene amakazinga ziwala ndi ngumbi ndi kudyera nsima alibe chifukwa chochitira nyansi mbale wake wa nkhanu.

Malo otchuka ogwirako camarão ku Mozambique ndi Banco de Sofala, dera la nyanja ya mchere losazama kwenikweni limene layang'anizana ndi gombe la pakati pa dzikolo. Ana a camarão amakulira m'matope a pa mathiriro a mitsinje, pakati pa mizu ya mitengo yomera m'madzi a mchere imene kumeneko amaitcha mangal, ndipo akakula amalowera ku nyanja kumene asodzi amakawagwira. Mtsinje waukulu wothira pamenepo ndi Zambezi, umene umalandira madzi a Shire. Choncho madzi amene mumawaona akudutsa pa Liwonde ndi pa Chiromo ali nalo gawo lawo polera ndiwo zimenezi. Chimangireni damu la Cahora Bassa mu 1974, kusefukira kwa Zambezi m'dzinja sikukhalanso monga kale, ndipo akatswiri a za usodzi anaonetsa kuti kuchuluka kwa camarão pa Sofala kumatsata kayendedwe ka madzi a mtsinjewu. Boma la Mozambique limaletsanso usodzi umenewu kwa miyezi ingapo chaka ndi chaka kuti ana akule.

Nanga tsabola ndi mandimu anakumana bwanji ndi camarão? Mandimu kwawo ndi ku Asia, ndipo anafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa kalekale ndi amalonda a pa nyanja. Pamene Vasco da Gama anadutsa m'gombeli mu 1498, anapeza malalanje ndi mandimu ali kale ku Mombasa. Tsabola wowawa ndiye kunalibe, pakuti kwawo ndi ku America, ndipo Azungu anamudziwa Columbus atafika kumeneko mu 1492. Zombo za Apwitikizi ndizo zinamufalitsa m'magombe a Africa ndi India, ndipo mtundu waung'ono wofiira umene unamera bwino kuno ndiwo unatchedwa piripiri. Kaphikidwe kameneka kanatchuka kwambiri mumzinda wa Lourenço Marques, kotero kuti ngakhale mzindawo unasinthidwa dzina kukhala Maputo mu 1976, ku South Africa mpaka lero ogulitsa chakudya amalembabe kuti LM prawns.

Tsono tiyeni tilowe m'khitchini. Ife timakhala kutali ndi nyanja ya mchere, ndipo camarão amene angatifikire ali bwino ndi woumitsidwa ndi madzi oundana. Pogula yang'anani paketi. Ngati camarão wagwirana kukhala chibuma chimodzi, ndipo m'paketimo mwadzaza timibulu ta madzi oundana, dziwani kuti anasungunukapo ndi kuumanso, monga zimachitikira magetsi akamathimathima. Musiyeni ameneyo. Mukafika naye ku nyumba, musungunuleni m'furiji usiku wonse, kapena miza paketi yotseka bwino m'beseni la madzi ozizira kwa mphindi pafupifupi 30. Madzi otentha ndi dzuwa zikhale kutali. Akasungunuka mununkhizeni. Fungo la madzi a mchere ndi labwino, koma fungo lolasa m'mphuno ngati la mkodzo likutanthauza kuti waonongeka, ndipo palibe tsabola amene angamukonze.

Aku Mozambique kawirikawiri sachotsa chigoba pootcha. Amadula chigobacho ndi lumo kapena mpeni wakuthwa motsata msana kuyambira ku mutu mpaka ku mchira, amachotsa kamzere kakuda kamene kali pamenepo, ndipo amatambasula mnofu pang'ono kuti zokometsera zilowe. Kamzereko ndi matumbo, ndipo nthawi zina mumakhala mchenga umene umachita gedegede ku mano. Chigoba chimatchinjiriza mnofu kuti usaume ndi moto, ndiponso chikapserera pang'ono chimapereka fungo limene camarão wosenda sangakhale nalo. Mukatsuka, mupukuteni ndi kansalu koyera kuti aume, chifukwa camarão wonyowa m'chiwaya amangowira m'madzi ake m'malo mokazingika.

Pa theka la kilogalamu ya camarão, tengani tsabola wa piripiri 3 kapena 4, timagawo 4 ta adyo, theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndi supuni zazikulu 3 za mafuta ophikira. Kandani khungu la ndimu imodzi, lakunja lokhalokha, osafika pa choyera chija chifukwa chimawawa ngati mankhwala a malungo. Sinjani zonsezi mu kamtondo, mafuta muthire pomaliza. Mafutawo si ongokometsera. Chimene chimawawa mu tsabola, chotchedwa capsaicin, chimasungunuka m'mafuta osati m'madzi, choncho mafuta ndiwo amanyamula ukali wa tsabola ndi kuufikitsa pa mnofu wonse mofanana. Ichi ndicho chifukwa chakenso munthu amene tsabola wamuyaka m'kamwa amathandizidwa ndi mkaka koposa madzi. Ukali wambiri umakhala pa timinofu toyera ta m'kati pamene pamamatira njere, ndipo amene akuphikira ana kapena agogo achotse timeneto. Makolo athu amati tsabola wakale sawawa, ndipo ngakhale iwo amanena za anthu ndi nzeru zawo, m'khitchini mawuwa ali ndi choonadi chake: tsabola wa ufa amene wakhala chaka m'kabati amataya fungo, ndipo wa m'munda amamuposa kutali. Amene ali ndi kambuzi amuyese. Kwa ine fungo lake limagwirizana ndi mandimu kuposa la piripiri weniweniyo, ngakhale ndikudziwa kuti anzathu a ku Beira sangavomere.

Mwina mwaona kuti mpaka pano sitinathire madzi a mandimu. Tachitira dala, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yathu yonse. Madzi a mandimu ali ndi asidi, ndipo asidi amachita pa mnofu zofanana ndi zimene moto umachita. Mukadontheza ndimu mu mkaka, mkakawo umagwirana pomwepo ngati chambiko. Mnofu wa camarão nawonso umatero. Ukakhala m'madzi a mandimu umayamba kuyera ndi kulimba ngati wapsa, usanaone n'komwe moto. Nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe ili ndi mitsempha yolimba, ndipo ikhoza kugona m'mandimu usiku wonse ndi kufewerako. Camarão alibe mitsempha yotere yoti asidi alimbane nayo. Mukamuviika kwa maola awiri kapena atatu ndiyeno ndi kumuika pa moto, ndiye kuti mwamuphika kawiri, ndipo kunja kwake kumakhala kwa nsenyensenye pamene m'kati muli mouma.

Choncho ndimu ilowe katatu, nthawi iliyonse ndi ntchito yake. Khungu lokanda lija ndi limene lili ndi mafuta onunkhira, lilibe asidi wambiri, ndipo likhoza kukhala pa camarão pamodzi ndi tsabola ndi adyo kwa ola limodzi m'furiji popanda vuto. Kachiwiri, moto ukakhala kuti wayaka kale, finyirani theka la ndimu ndi kusakaniza, ndipo pasapite mphindi zoposa 15 camarão asanalowe m'chiwaya. Kachitatu ndi pomaliza penipeni, chiwaya chitaphulidwa, pamene mufinyira madzi a ndimu yotsala. Madzi a ndimu akawira nthawi yaitali fungo lake limathawa ndi nthunzi, ndipo chimatsala ndi kuwawasa kokha. Amene afinyiridwa pomaliza ndiwo amamveka pa lilime.

Moto ukhale waukali. Tenthetsani chiwaya mpaka dontho la madzi lizivina likagwerapo, ndipo yalani camarão mmodzimmodzi osaunjikana. Ngati chiwaya ndi chaching'ono, kazingani maulendo awiri. Camarão wapakatikati amafuna mphindi 2 mbali imodzi ndi mphindi imodzi kapena ziwiri mbali inayo. Wamkulu wa m'chigoba pa makala a mbaula angafune mphindi 3 mbali iliyonse. Koma maso anu ndi odalirika kuposa wotchi. Chigoba chotuwa chimasanduka chofiirira, mnofu umene unali woonekera ngati galasi umayera mpaka m'kati, ndipo thupi limapindika ngati chilembo C. Pamenepo phulani. Likapindika mpaka mutu kukumana ndi mchira ngati chilembo O, mwachedwa, ndipo mudzatafuna ngati mphira wa legeni. Mutaphula, ikanimo supuni imodzi ya batala kapena majarini, finyirani ndimu ija, ndi kugwedeza chiwaya kuti msuzi ugwirane. Zokometsera zimene zatsala m'mbale imene munali camarão wamuwisi musazithire pa wakupsa pokhapokha zitawira kaye. Sambaninso m'manja ndi sopo musanagwire m'maso kapena kunyamula mwana.

Pali chenjezo limene sitingalilumphe. Popeza tanena kuti asidi amachita ngati moto, wina angaganize kuti moto ndi wosafunika. Ndi zoona kuti ku Peru amadya ceviche, nsomba yaiwisi yoviikidwa m'mandimu ndi tsabola, ndipo ku Sinaloa m'dziko la Mexico amadya aguachile, amene ndi camarão wamuwisi wokonzedwa chimodzimodzi. Koma asidi amangosintha maonekedwe a mnofu, sangadaliridwe kupha tizilombo toyambitsa matenda monga umachitira moto. Mliri wa kolera utabuka ku Peru mu 1991, akuluakulu a za umoyo kumeneko anachenjeza anthu kuti aleke kudya nsomba zaziwisi, kuphatikizapo ceviche yemweyo. Ngati zinali choncho kwa anthu okhala pa gombe penipeni, kuli bwanji ife amene camarão wathu wayenda makilomita mazanamazana pa galimoto? Wathu apse ndi moto. Wotsala asakhale pa tebulo kupitirira maola 2 asanalowe m'furiji. Dziwaninso kuti alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi camarão ndi nkhanu, ndipo kuphika sikuchotsa vuto limeneli. Munthu amene akudya koyamba alawe pang'ono. Akayamba kuyabwa, kutupa milomo kapena kubanika, thamangirani naye ku chipatala osadikira kuti kuche.

Ndiwozi zimayenda bwino ndi mpunga, ndipo wa Kilombero ndi fungo lake lija umakwanira ndithu. Ku Mozambique amadyeranso buledi wonyowetsa mu msuzi kapena nsima, imene kumeneko amati xima. M'nyengo ya manachesi a ku Mwanza, yesani kusakaniza madzi a nachesi imodzi ndi a ndimu pothira komaliza paja. Kutsekemera kwake kumaziziritsa tsabola, koma nachesi payokha ilibe asidi wokwanira, ndipo shuga wake amapserera msanga mukamuthira chiwaya chikadali pa moto waukali. Mitu ndi zigoba musataye. Zikazingeni m'mafuta pang'ono, thirani madzi, ziwire mphindi 20, ndipo mukasefa mupeza msuzi wophikira mpunga wa mawa.

Kwa omvera athu amene mtengo wa camarão wa m'furiji sangaufikire, m'misika ya ku Mozambique mumagulitsidwanso camarão wamng'onomng'ono wouma, amene sasowa furiji. Ameneyu amalowa mu matapa, ndiwo za masamba a chinangwa osinja ophika ndi nsinjiro ndi mkaka wa kokonati, zimene sizisiyana kwambiri ndi chigwada chathu chotendera. Ndipo zosinja zija za piripiri, adyo ndi khungu la ndimu zimakomanso pa chambo chong'amba pakati chootcha pa makala. Lamulo la mandimu ndi lomwe lija, kungoti chambo ndi chochindikala, ndipo chimafuna moto wodekha ndi nthawi yotalikirapo kuti chipse mpaka pa fupa.