Mabungwe Oyankhulira Ana Ochedwa Kuphunzira

M'midzi mwathu muli ana amene nzeru zawo zikula pang'onopang'ono. Achedwa kuyankhula, kuwerenga ndi kudzisamala okha. Iyi si misala, ndiponso si ufiti ayi. Ena abadwa otero, ena atero chifukwa cha ngozi ya pobadwa kapena matenda oononga ubongo akali aang'ono. Kholo la mwana wotere likadandaula palokha, ndani alimvere? Nchifukwa chake makolo amapanga timabungwe m'madera mwawo, ndipo timabungwe timeneti timalowa pansi pa bungwe limodzi lalikulu lotifungatira monga nkhuku ifungatira anapiye ake. Tiyeni tione zimene bungwe lotere lidachita ku England.

Lamulo la maphunziro la chaka cha 1944 m'dzikolo lidalola akuluakulu a sukulu kunena kuti mwana wakuti ndi wosaphunzitsika. Mwana wotchedwa dzina limeneli ankamutsekera khomo la sukulu. Ambiri ankangokhala pakhomo, ndipo ena ankawatumiza ku zipatala zazikulu kumene ankakhala moyo wawo wonse. Mu 1946 mayi wina, Judy Fryd, amene mwana wake adavutika kupeza sukulu, adalemba kalata m'magazini ya Nursery World kuitana makolo anzake. Ambiri adayankha, ndipo padabadwa bungwe limene lero litchedwa Mencap. Timagulu ta makolo ta m'mizinda yosiyanasiyana tidalowa pansi pake.

Ntchito yoyamba ya bungwe lotere ndiyo kupeza umboni, pakuti Boma silisintha lamulo chifukwa cha misozi yokha. Mu 1958 bungweli lidathandiza katswiri wina, Jack Tizard, kuchita mayeso. Adatenga ana 16 m'chipatala china cha ku London nawaika m'nyumba yotchedwa Brooklands, kumene ankawalera monga pabanja, kusewera nawo ndi kucheza nawo. Patapita zaka ziwiri, ana aja adaposa anzawo otsala m'chipatala pa kuyankhula ndi pa kukhala bwino ndi anthu. Apa zidaoneka poyera kuti chowabweza m'mbuyo sichidali ubongo wokha, komanso malo amene ankasungidwamo.

Ntchito yachiwiri ndiyo kupita ndi umboniwo kwa opanga malamulo. Makolo sadatope kugogoda, ndipo mu 1970 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo latsopano. Kuyambira mu 1971 mwana aliyense ku England ndi Wales adakhala ndi ufulu wa maphunziro, ndipo dzina lija lakuti wosaphunzitsika lidachotsedwa. Taonani anzanga, kuchokera pa kalata ija kufika pa lamuloli padapita zaka 24. Kholo limodzi likadalefuka panjira, koma bungwe silikalamba monga munthu.

Ntchito yachitatu ndiyo ulonda. Lamulo labwino likhoza kulembedwa koma osatsatidwa. Mu 2007 Mencap idafalitsa mbiri ya anthu asanu ndi mmodzi amene, monga bungwelo lidanenera, adamwalira chifukwa chosasamalidwa bwino m'zipatala. Banja lililonse likadalira maliro ake palokha, anthu akadati ndi tsoka chabe. Koma nkhanizo zitaikidwa pamodzi, Boma lidakhazikitsa kafukufuku.

Komabe pali msampha umodzi. Bungwe likakula, nkwapafupi kuti lizingoyankhula m'malo mwa eni ake osawafunsa. Anthu ochedwa kuphunzira ali ndi maganizo awoawo pa za ntchito, ukwati ndi kumene afuna kukhala. Tsono masiku ano iwo eni amayankhula pa misonkhano, ndipo bungwe labwino ndi limene liwapatsa mpando ndi kudikira moleza mtima kuti amalize mawu awo.

Nzeru imeneyi si ya ku England kokha. Mu 1960 mabungwe a makolo a m'maiko angapo adapanga mgwirizano umene lero utchedwa Inclusion International. Mu 2006 bungwe la United Nations lidavomereza pangano la ufulu wa anthu olumala, ndipo dziko la Malawi lidalowamo mu 2009. Kuno kwathu bungwe la FEDOMA, limene lidayamba mu 1999, limafungatira mabungwe a anthu olumala, ndipo limodzi mwa iwo ndi PODCAM, la makolo a ana olumala.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Ife ana a sukulu sitipanga malamulo, koma ena mwa ife mawa tidzakhala aphunzitsi, anamwino ndi mafumu. Tikaona mwana wotere akubisidwa m'nyumba, tiwauze makolo ake kuti kuli anzawo amene adayenda kale njira yomweyo. Ndipo akabwera m'kalasi mwathu, tisamuseke, koma timusendezere malo pa benchi, pakuti khomo limene walowerapo lidatsegulidwa movutikira.