Wamabodza wa ku Chinamwali lero amalipidwa

Ndili mnyamata ku Chinamwali dzina langa linali Wamabodza. Mlandu wake unali kope limodzi, momwe ndinalemba kuti m'chaka cha 2500 phiri la Zomba lidzavundukuka ngati poto, ndipo m'dzenje la Chingwe mudzatuluka chombo chopita kumwezi. Aphunzitsi anandilembera ndi inki yofiira kuti ndileke kulota masana. Mayi anga, mosadziwa, anakulungira mandasi mutu wachitatu wonse. Amene anagula tsiku limenelo anadyera limodzi ndi nkhondo ya ku Mars.

Chonsecho agogo anga, omwe ankandiseka kwambiri, ndiwo usiku ankatisimbira za Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chinasamuka mu Disembala 1946 n'kukokolola milatho ndi nyumba m'tauni muno. Zawozo inali mbiri, zangazi misala. Sindinkadziwa kuti kumunsi kwathu komweko, ku Chirunga, malemu Steve Chimombo anali atatenga Napolo yemweyo n'kumulowetsa m'ndakatulo ndi m'mabuku. Masiku amenewo wolemba ankabisala kuseri kwa nthano, poti cholembera chinkamangitsa: Jack Mapanje anagwidwa mu 1987, n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Za kanema ndiye musanene. Dziko lino linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Wolemba masewero a pakanema akanalembera yani, khoma?

Ndinasiya. Ndinapeza kantchito kowerengera matumba a simenti m'sitolo ina, kope lija chiswe n'kumachita nalo phwando.

Kenaka mu 2015 mnzanga anandibwereka buku lotchedwa Azotus the Kingdom. Wolemba wake, Shadreck Chikoti, ndi Mmalawi ngati ine ndemwe, ndipo nkhani yake ikuchitika zaka 500 kutsogoloku. Mabodza angawa ndithu! Koma iye sanalembedwe inki yofiira. Nkhaniyo inali itapata kale mphoto ya Peer Gynt mu 2013, ndipo mu 2017 inafika pamndandanda womaliza wa mphoto za Nommo, zomwe zimaperekedwa kwa olemba nkhani zoterezi muno mu Africa. Ndinamvanso za Muthi Nhlema, amene mu Ta O'Reva anabweretsanso Mandela padziko. Buku la Chikoti lija ndinaliwerenga nditakhala pamwala m'mbali mwa damu la Mulunguzi, ndikuseka ndekha, mpaka anyamata ogulitsa sitiroberi anayamba kundilambalala.

Lolemba lake ndinagula makope atatu.

Kanema ndinamuphunzira kwa Shemu Joyah, iye osadziwa. Munthu woyeza malo, koma analemba yekha Seasons of a Life ya mu 2008 n'kuiwongoleranso yekha. Ndinaionera kambirimbiri, kuimitsa, kubwezera, mpaka ndinagwira chinsinsi: m'buku umatha kulemba kuti mayi wakhumudwa, koma pakanema umangomuonetsa akutsuka mbale yoyera kale. Ndinaphunziranso kuti chombo chopita kumwezi n'chotchipa papepala pokha. Wojambula akakufunsa za ndalama, chombocho chimasanduka wailesi yakale yolankhula mawu a anthu osabadwa. Nkhungu ya pa Ku Chawe ndiye ndi yaulere, bola kulawirira.

Lero ndimalemba masewero a pakanema, ndipo buku langa la phiri lovundukuka lija latsala mitu iwiri. Chuma si chambiri, tisanamizane, koma lendi ikutuluka m'mabodza. Aphunzitsi aja ndinakumana nawo pamsika waukulu akusankha usipa. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kundinong'oneza kuti mdzukulu wawo amalemba zinthu zosamveka za maloboti, kodi ndingamuonereko? Ndinavomera mwaulemu wonse, mano ndikuwabisa.

Mtsikanayo amabwera Loweruka lililonse ndi kope lake. Mayi anga ndinawachenjeza kale kuti mandasi azikulungira nyuzipepala.