Phindu Lachokera Nthambi Iti?

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu umakhudzanso mabuku a chuma a makampani akuluakulu. Wamalonda wa ku Limbe amene ali ndi golosale, chigayo ndi minibasi akamaponya ndalama zonse m'thumba limodzi, sangazindikire msanga kuti minibasi ikudya phindu la chigayo. Kampani nayonso ikhoza kulengeza phindu lochuluka pakutha pa chaka, pamene nthambi yake ina ikumwaza chuma mwakachetechete.

Mu mzinda wa Blantyre chitsanzo cha kampani ya nthambi zambiri ndi Press Corporation. Kampaniyi idalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange m'chaka cha 1998, patangopita zaka ziwiri msikawo utayamba malonda ake ndi masheya a NICO mu 1996. Press Corporation ili ndi masheya ochuluka mu National Bank of Malawi, mu kampani ya mafoni ya TNM, ndiponso m'makampani awiri opanga ethanol: Ethanol Company ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa. Kwa zaka zambiri inalinso mwini wa masitolo a PTC. Tsono munthu wogula sheya imodzi ya Press amakhala atagula kachigawo ka banki, ka mafoni ndi ka fakitale panthawi imodzi. Nanga angadziwe bwanji nthambi imene ikumudyetsa ndi imene ikumudyera?

Yankho lili m'malamulo a kalembedwe ka mabuku a chuma, amene amakonzedwa ndi bungwe la International Accounting Standards Board ku London. Kuno kwathu bungwe la akatswiri owerengera chuma la ICAM lidavomereza malamulowo, kotero makampani onse a pa msika wa masheya amawatsata. Lamulo loyamba lokhudza nthambi lidali IAS 14 la m'chaka cha 1981. Mu November 2006 mudatuluka lina lotchedwa IFRS 8, limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 January 2009.

Mfundo yaikulu ya IFRS 8 ndi yakuti kampani ionetse nthambi zake monga momwe akuluakulu oyendetsa kampaniyo amazionera pogawa ndalama ndi poyesa ntchito. Ngati mkulu wa kampani amalandira lipoti la banki palokha ndi la mafoni palokha, eni masheya nawonso ayenera kuona ziwerengerozo zitapatulidwa chomwecho. Nthambi imayenera kuonetsedwa payokha ngati malonda ake, phindu kapena kuluza kwake, kapenanso katundu wake, zafika magawo 10 pa 100 alionse a nthambi zonse pamodzi. Kuonjezera apo, nthambi zoonetsedwazo ziyenera kukwana magawo 75 pa 100 alionse a malonda amene kampani yachita ndi anthu akunja kwake. Ndipo ngati kasitomala mmodzi yekha amabweretsa magawo 10 pa 100 a malondawo kapena kuposerapo, kampani iyenera kuulula zimenezo, popeza kudalira wogula mmodzi ndi ngozi.

Potsata lamuloli, malipoti a pachaka a Press Corporation akhala akugawa ntchito zake m'magulu monga la banki ndi zachuma, la mafoni, la mphamvu, ndi la zina zonse. Pamene PTC inali m'manja mwa Press, panalinso gulu la katundu wa m'masitolo. Kotero munthu wowerenga mofatsa ankatha kuona kuti masitolowo akuluza chaka ndi chaka, ngakhale kuti phindu la banki linkakometsa chiwerengero chomaliza. Press Corporation itagulitsa PTC m'chaka cha 2022, amene ankawerenga tsamba la nthambi sadadabwe kwenikweni.

Komabe lamuloli lili ndi pofooka pake. Popeza nthambi zimatsata maso a oyendetsa kampani, iwo omwewo ndiwo amasankha malire ake. Lamulo limalola kuphatikiza nthambi zofanana m'kachitidwe kake, ndipo kabizinesi kakang'ono kodwala kakhoza kubisala m'gulu la zina zonse. Chinanso n'chakuti makampani awiri ochita malonda ofanana akhoza kugawa ntchito zawo mosiyana, motero kuwayerekeza kumavuta. Pofuna kutseka mpata wachinyengo, lamulo limafuna kuti ziwerengero za nthambi zigwirizanitsidwe ndi chiwerengero cha kampani yonse, ndipo ofufuza mabuku amayenera kuunika zimenezo.

Nkhaniyi si ya anthu olemera okha. Kuyambira pamene lamulo la penshoni la 2011 lidakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo ndalama za paukalamba, gawo lina la ndalamazo limagulidwa masheya pa msika womwewu. Choncho kalaliki wa ku Ndirande kapena mlonda wa ku Chilomoni akhoza kukhala mwini kachigawo ka makampaniwa iye osadziwa.

Wophunzira amene watsiriza sukulu nafuna ntchito yowerengera chuma, ndi mphunzitsi amene amaphunzitsa za malonda, angachite bwino kupeza lipoti la pachaka la kampani imodzi yotere. Tsamba la nthambi limapezeka chakumapeto, pakati pa mawu ofotokozera ziwerengero. Pamenepo afunse mafunso atatu: ndi nthambi iti ikubweretsa phindu, ndi iti ikuluza, ndipo m'gulu la zina zonse mwaikidwa chiyani.