Sisitere wa ku Romania pa vidiyo sho ya ku Chintheche

Filimu ya The Nun idatuluka mu Seputembala 2018. Kuijambula kudadya madola pafupifupi 22 miliyoni, koma idabweza oposa 360 miliyoni, ndalama zimene filimu iliyonse ya m'banja la The Conjuring idali isadapezepo. Chonsecho akatswiri openda mafilimu m'manyuzipepala a ku America ndi ku Ulaya adainyoza kwabasi. Pa tsamba la pa intaneti la Rotten Tomatoes, pomwe amasonkhanitsa ndemanga zawo, mwa akatswiri anayi alionse ndi mmodzi yekha adaiyamikira. Nawo anthu wamba amene bungwe la CinemaScore lidawafunsa akutuluka m'nyumba za kanema usiku woyamba adangoipatsa C, malikisi a mwana wongokhoza mwamwayi. Koma matikiti adapitirira kugulidwa.

Ine si katswiri wa mafilimu. Ndili ndi kagolosale pano pa Chintheche, chakumunsi kwa msewu wa M5, ndipo kuseri kwa khoma langa kuli vidiyo sho. Mafilimu ambiri ndimayamba kuwadziwa ndi khutu, chifukwa sipika amaipachika panja kuti iitane anthu. Ndikamva kuti m'katimo mwakuwidwa kenaka n'kusekedwa, ndimadziwa kuti lero aika yoopsa. The Nun idafika kuno mochedwa, monga zifikira zonse, pa memole khadi, itapakidwa kale mawu a DJ womasulira m'Chichewa. Kunoko timayankhula Chitonga, koma mzukwa wa ku Romania udatipeza ukuyankhula Chichewa cha m'tauni.

Choyamba kuvuta chidali kuwerenga. Owonera kuno adazolowera za ku Nigeria, zoti ikatha pati wani pabwere pati thuu, nkhani n'kumapita kutsogolo. Izi za The Conjuring zimayenda chobwerera. Yoyamba, ya James Wan, idatuluka mu 2013 ndipo imanena za 1971. Yachiwiri, ya 2016, imanena za 1977 mumzinda wa London, ndipo ndi mmenemo mudaonekera koyamba chiwanda chotchedwa Valak chitavala ngati sisitere. Anthu atachiopa kwambiri, eni filimu adaganiza zochipangira filimu yakeyake yofotokoza kumene chidachokera, n'kuibweza mpaka 1952. Ndiye imene idatuluka pambuyo ndi yomwe ili patsogolo pa nkhani. Mnyamata wolemba bolodi ya choko pakhomo adasowa chochita, adangolemba kuti The Nun, pansi pake n'kuwonjezera kuti chiyambi cha zonse. Sadalakwitse.

Nkhani yake ndi yaifupi. Sisitere wadzimangirira pa nyumba ya masisitere ya kutchire ku Romania. Akuluakulu a ku Vatican atuma Bambo Burke, amene amasewera ndi Demián Bichir, pamodzi ndi mtsikana Irene amene sadalumbire malumbiro ake ausisitere, woseweredwa ndi Taissa Farmiga. Awaperekeza mnyamata wotchedwa Frenchie, yemwe ankapititsa zakudya kumeneko ndipo ndi iye adapeza mtembowo. Kumeneko amva zoti nyumbayo adaimanga mfumu ina yakalekale yokonda zamatsenga, imene idatsegula khomo la ziwanda pansi pa nyumbayo. A mpingo adalitseka ndi magazi a Khristu, koma mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adalitsegulanso. Basi.

Chimene akatswiri aja adadandaula nacho kwambiri ndi kudzidzimutsa. Filimuyi imachita kachetechete, munthu akuyenda yekha m'khonde lamdima ndi nyali, kenaka phokoso lalikulu ndi nkhope yoyera pagalasi. Pakapita mphindi zochepa, zomwezonso. Adati uku ndi kudzidzimutsa chabe, osati kuopseza, chifukwa munthu ukadzidzimuka mtima umagunda kanthawi n'kukhazikika, pomwe mantha enieni umapita nawo kunyumba. Adadandaulanso kuti anthu a m'filimuyi amangosiyana dala kuti chiwanda chiwapeze mmodzimmodzi. Zimene adayamikira ndi kaseweredwe ka Bichir ndi Farmiga ndi malo, poti adakajambuladi ku Romania komweko m'nyumba zakale zamiyala. Ngakhale kutsatsa kwake kudali kodzidzimutsa: mu Ogasiti 2018 a YouTube adachotsa kanema wachidule woitsatsa, amene ankanyenga munthu ndi chizindikiro cha voliyumu kenaka n'kutulutsa nkhope ija ikukuwa, anthu atadandaula.

Tsono zimene akatswiri adaziona ngati chilema, pa mabenchi a kuseri kwangaku ndizo zidadzaza nyumba. Mwezi ukawala asodzi a usipa sapita panyanja ndi nyali zawo, chimodzimodzi mwera ukakalipa, ndiye usiku wotere vidiyo sho imadzaza ndi anyamata a chilimira. Tsiku lina lotere ndidatseka golosale msanga n'kulowa nawo. Pali pena pomwe Bambo Burke agwera m'bokosi lamaliro n'kukwiririka amoyo, ndipo chowapulumutsa ndi kabelu komangirira chingwe pamanda. Irene akufunafuna manda ake, mabelu onse a kumandako ayamba kulira nthawi imodzi. M'nyumba monse mudangoti zii, kumamveka jenereta yokha panja. Manja atatulukira m'bokosimo n'kuwagwira kumaso, mnyamata wina wamphamvu zake, woti amakoka khoka usiku wonse, adalumpha n'kugubuduza benchi, anzake atatu n'kugwera pansi. Kuseka kwake kudaposa kukuwa. Mpaka lero akamadutsa pagolosale anzake amamuimbira belu ndi pakamwa.

Katswiri wa ku New York amaonera atakhala phee, cholembera m'manja, ndipo kudzidzimuka kwachisanu kumamutopetsa. Ife timaonera mothithikana, ndipo aliyense amadikira kuona amene athawe. DJ naye amathira zake. Sisitere uja akamayandikira kumbuyo kwa munthu, iye amayamba kumuchenjeza ngati mnzake wapamudzi, nthawi zina n'kumutukwana chifukwa chosatembenuka. Filimu imene wotsogolera wake, Corin Hardy, adaipanga kuti ikhale yamdima ndi yachete, kuno imasanduka sewero la anthu awiri, chiwanda ndi DJ. Za mdimazo, pa ziwonetsero za masana pamavuta ndithu, poti kuwala kumalowa m'mipata ya malata ndipo theka la filimu umangoona chithunzithunzi cha mutu wako pa TV.

Koma filimu itatha, anthu akutuluka kudzagula mandasi ndi sobo, ndidamva madandaulo amene sindikhulupirira kuti katswiri wakunja angawaganize. Bambo wina wachikulire, wopala mabwato, adandifunsa: "Ada, sisitereyu adamulakwira ndani?" Ndidawauza kuti si sisitere, ndi chiwanda chongobwereka zovala. Adapukusa mutu. "Ndiye chikufuna chiyani kwa anthu osawadziwa?"

Funso limenelo ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Kwathu kuno choipa chosaoneka chimakhala ndi mwini wake ndiponso chifukwa. Mzimu ukavutitsa banja, ndiye kuti pali mwambo udaphwanyidwa, ngongole siidabwezedwe, kapena wina adafa ndi chidandaulo. N'chifukwa chake mafilimu a ku Nigeria adatigwira mtima msanga. Mu Living in Bondage ya 1992, Andy Okeke apereka nsembe mkazi wake Merit kuti alemere, ndipo mzimu wa mkaziyo umutsata paliponse. Palibe amafunsa kuti ukufuna chiyani. Aliyense adamvapo mphekesera za wamalonda wokhwimira, ndipo aliyense amadziwa kuti mlandu wa magazi a m'nyumba suola. Filimu yolonjeza kufotokoza chiyambi cha choipa, kwa munthu wa kuno, yalonjeza chinthu chachikulu, chomwe timafunsana chonong'ona pamaliro: zidayamba bwanji? The Nun idayankha kuti kudali mfumu ina, kalekale, yopanda mbale aliyense m'filimumo. Ndi yankho lozemba.

Chifukwa chake chikudziwika. Pojambula The Conjuring 2, chiwandacho poyamba chidali chanyanga, ndipo James Wan adachisintha kukhala sisitere kumapeto, pojambulanso zigawo zina. Nkhope idabwera kaye, mbiri n'kuchita kusokereredwa pambuyo anthu ataikonda nkhopeyo. Bonnie Aarons, mayi amene amavala nkhope imeneyo, amaopsadi akangoima chilili kumapeto kwa khonde. Koma kumuimika chotero kwa ola ndi theka sikupanga nkhani.

Sikuti mafilimu onse obwerera m'mbuyo amagwa chomwechi. Ouija ya 2014 akatswiri adaikana pafupifupi onse, oiyamikira sadakwane 10 mwa 100 alionse. Patapita zaka ziwiri Mike Flanagan adapanga Ouija: Origin of Evil yofotokoza chiyambi chake, ndipo oiyamikira adapitirira 80 mwa 100. Nkhani yake ili mu 1967 ku Los Angeles. Mayi wamasiye, Alice, amadyetsa ana ake awiri aakazi ponamiza anamfedwa kuti amayankhula ndi akufa, anawo n'kumamuthandiza kugwedeza zinthu mobisala. Tsiku lina abweretsa thabwa loitanira mizimu kuti bizinesi ikome, ndipo mwana wamng'ono, Doris, ayamba kuyankhuladi ndi china chake chimene banjalo likuganiza kuti ndi malemu bambo awo. Apa pali umphawi, pali chisoni, pali mayi amene watsegulira yekha choipa chifukwa chofuna kumva mawu a mwamuna wake. Munthu wa ku Chintheche safuna DJ kuti amvetse zimenezi, poti asing'anga ndi aneneri onyenga anamfedwa tili nawo. Chodabwitsa n'chakuti idapeza madola pafupifupi 81 miliyoni, kuchepera pa ya 2014 yonyozedwa ija imene idadutsa 100 miliyoni. Annabelle: Creation ya 2017, yofotokoza chiyambi cha chidole chotchedwa Annabelle kudzera mwa makolo oferedwa mwana, ndiyo idapeza zonse ziwiri: akatswiri ambiri adaiyamikira, ndipo idadutsa madola 300 miliyoni. The First Omen ya 2024, yobwerera ku Rome wa 1971 kukafotokoza kubadwa kwa mwana wa mu The Omen ya 1976, akatswiri adaikonda koma ndalama idapeza zochepa, madola 50 miliyoni ndi kanthu pamwamba. Mawu a akatswiri ndi thumba la owonera zimayenda njira zosiyana kawirikawiri.

Palinso za chipembedzo, zomwe kuno si zoseweretsa. Mishoni ya Livingstonia idasamukira ku Bandawe, pafupi pomwepa, mu 1881 motsogozedwa ndi Robert Laws, ndipo manda a amishoni oyambawo alipobe m'mbali mwa nyanja. Anthu a kuno adakulira m'Baibulo. Mayi wina wa chigwirizano, kasitomala wanga, adakana kulowa atangoona chithunzi pakhomo, nati kuveka chiwanda zovala za mtumiki wa Mulungu ndi chipongwe. Ena adaikonda pa chifukwa chomwechonso, poti mapeto ake choipa chigonja ndi pemphero ndi magazi a Yesu: Irene amalavulira magaziwo kumaso kwa chiwanda, ndipo m'nyumbamo mudamveka maameni enieni. Akatswiri akunja sadataye nthawi pa zimenezi. Kwa ambiri a iwo mtanda wa m'filimu ndi chida chabe, pomwe kwa owonera a kuno ndi nkhani ya Lamulungu lililonse.

Chinthu chimodzi ndiivomereze The Nun. Poti wolakwa wake ndi mfumu yakufa ya dziko lakutali, palibe amatuluka m'vidiyo sho akuyang'ana agogo a pamudzi ndi diso loipa. Funso lathu lija, loti adayambitsa ndani, likatuluka m'filimu n'kulowa m'mudzi limapha. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi achikulire adaphedwa mphenzi itapha mtsikana, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma lamulolo lili kutali ndi bwalo la pamudzi. Amene adzajambule filimu yoopsa ya kunyanja kuno, ndipo nkhani zake zilipo zambiri mwa asodzi, adzafunika kusamala kuti chiyambi cha choipa asachiike pa nkhalamba yosauka.

Eni ake a The Nun sadamvere akatswiri. Mu 2023 adatulutsa The Nun II, yotsogozedwa ndi Michael Chaves, nkhani itasamukira ku France wa 1956, ndipo idadutsa madola 260 miliyoni. Kuseri kwangaku nayo idadzaza nyumba. Ine maganizo anga sadasinthe: pa The Nun akatswiri adanena zoona, ndi filimu yosekera ndi anzako usiku wa mwezi, osati yoikumbukira. Ofuna mantha enieni afunse Ouija: Origin of Evil kwa obena mafilimu. Ndipo inu eni mavidiyo sho, mafilimu a The Nun awa kwawo komweko ndi a akuluakulu. Aikeni usiku, ndipo ana a yunifolomu aja muziwabweza pakhomo ngakhale atagwira ndalama m'manja.