Nthunzi ndi Kuumitsa Matabwa a Bulugama

M'dera la Kadoma ndi Chegutu, midzi imene maina ace anali Gatooma ndi Hartley kufikira caka ca 1982, mukhala anthu ambiri olankhula Cinyanja, amene makolo ao anadza ku migodi ya golide monga Cam and Motor ndi Dalny. Mmisiri wa matabwa wa kumeneko, monganso mnzace wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, alidziwa bvuto la bulugama: citseko cokhomedwa ndi matabwa aawisi cimapindika ndi kung'aluka, ndipo wogula amacibweza.

Cifukwa cace nci. Thabwa limayamba kuuma kunja ndi kufota, pamene m'kati mukali monyowa. Kukokana kumeneku ndiko kubala ming'alu. Ndiponso bulugama, pokhala mtengo wokula msanga, uli ndi kukokana kwina kumene unakula nako, kumene kumaoneka pouceka.

Tsono pa makina akulu ocekera matabwa, ena amayamba kutenthetsa zipika kapena matabwa ndi nthunzi kapena madzi otentha asanaumitse. Kutentha kumafewetsa ulimbo wogwirizanitsa ulusi wa mtengo, ndipo kukokana kuja kumacepa. M'mitengo yina kumatsegulanso njira za madzi kuti thabwa liume msanga. Kumaphanso tizirombo tofumbula mtengo: mwa pangano la maiko la caka ca 2002, matabwa olongedzera katundu wopita kunja angatenthedwe kufikira madigiri 56 m'kati mwace kwa mphindi 30.

Koma mankhwala akacuruka asanduka ululu. Nthunzi imadetsa maonekedwe a thabwa, ndipo ikakhalitsa imacepetsa mphamvu yace. Bulugama wauwisi akaumitsidwa pa kutentha kwambiri amakwinyika, thabwa nkukhala la mizeremizere ngati lata. Ku Australia, kwao kwa mtengowu, amisiri anapeza kuti thabwa lokwinyika limawongoka likaikidwa m'nthunzi ya madigiri 100 kwa maora owerengeka, koma litayamba lauma ndithu.

Mmisiri wopanda makina asataye mtima. Aunjike matabwa ace pamthunzi, pamwamba pa nthaka, aike timitengo tofanana pakati pao kuti mphepo ipite, apake utoto ku nsonga zace, natsinjike mulu ndi miyala. Akatero adikire miyezi. Pakuti thabwa louma pang'onopang'ono ndilo lisunga mbiri ya mmisiri.