Pomwe manja achita manyazi, chimanga chimayankhula

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano waukulu wa achinyamata akudziwa mmene umayambira. Wotsogolera amaima kutsogolo, choko chili m'manja, n'kufunsa kuti: "Lero tikambirane chiyani?" Manja amene amakwera ndi omwe aja a masiku onse: wapampando wa kalabu, mnyamata wothyola Chingerezi, ndi uja wanthabwala. Mitu itatu ikalembedwa pabolodi, basi zatha.

Inenso ndinalakwitsapo chimodzimodzi. Tinasonkhanitsa makalabu a kuno ku Lupaso pamodzi ndi anzathu a ku Nkhorongo ndi ku Luwinga, achinyamata oposa 100, ndipo tinali ndi tsiku limodzi lokha. Nditafunsa, mutu umene unapambana unali wa mipira ndi yunifolomu. Wachiwiri unali wa ngongole zoyambira bizinesi. Wachitatu unali wa njira zimene HIV imafalikira, zomwe aliyense anaziloweza kale kusukulu. Tinakambirana, tinaomba m'manja, tinajambulitsa.

Tikubweza mabenchi, mtsikana wina anandikokera pambali. "Adokotala," anatero, monga mmene amatitchulira ife alangizi a zaumoyo, "ine kachirombo ndinabadwa nako. Pali mnyamata akundifuna. Ndimuuze bwanji? Ndimayesa lero mukamba zimenezi." Nditamufunsa chifukwa chake sanakweze dzanja, anandiyang'ana modabwa. "Ndikanakweza, mawa Lupaso yense akanadziwa."

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma pa nkhani za HIV ndi Edzi, wamva m'mimba nthawi zambiri amaopa kutsekula, chifukwa pakhomo pali anthu.

Mafunso anasintha

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika mu 1985. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale kaye. Ana amene anayamba mankhwala ali aang'ono lero ndi anyamata ndi atsikana akuluakulu, ena ali m'makalabu athu omwewa. Mafunso awo ndi okhudza chibwenzi, banja, kubereka, komanso kamwedwe ka mankhwala ku sukulu yogonera komweko. Wotsogolera amene akubwera ndi mitu yakale, kapena amene akungomvera oyankhula mokweza, mafunso amenewa sadzawamva.

Njira yothandiza si yachilendo. Alangizi a zaulimi ndi a zachitukuko akhala akugwiritsa ntchito timiyala ndi njere m'midzi kuti anthu asankhe vuto loyamba kulithetsa. Maphunziro a Stepping Stones, amene anayambira ku Uganda ndipo buku lake linatuluka mu 1995, amagawa anthu m'magulu anayi: abambo, amayi, anyamata ndi atsikana, kuti gulu lililonse liyankhule momasuka lisanakumane ndi ena. Mu 2002 bungwe la CARE Malawi linayambitsa njira ya Community Score Card, yomwe anthu amatchula mavuto a zaumoyo m'magulu awo, n'kusankha aakulu, asanakhale pansi ndi ogwira ntchito kuchipatala. Njirayi inabadwira konkuno ndipo inafalikira m'maiko ena. Ife tinangotengako nzeru zimenezi n'kuziika pa msonkhano wa achinyamata.

Mmene timachitira

1. Aliyense alandire pepala. Mapepala akhale ofanana kukula kwake. Munthu alembe funso limodzi kapena awiri, osalemba dzina, m'chiyankhulo chimene wamasuka nacho, kaya Chitumbuka, Chichewa, Chitonga kapena Chingerezi. Amene amavutika kulemba anong'oneze wothandizira amene wamusankha yekha. Aliyense apinde pepala n'kuponya mu katoni, ngakhale amene sanalembe kanthu, kuti pasadziwike amene walemba.

2. Sanjani mafunso. Pamene ena akuimba kapena kusewera panja, anthu anayi, atsikana awiri ndi anyamata awiri ochokera m'makalabu osiyana, aike pamodzi mafunso ofanana mpaka itsale mitu 8 kapena 10. Mituyo ilembedwenso pa mapepala akuluakulu kuti wina asazindikire kalembedwe ka mnzake. Apa mpofunika kusamala kwambiri. Musakometse mawu. Ngati atsikana alemba kuti "azibambo amatipatsa ndalama kenako amafuna kugona nafe", musasinthe n'kulemba kuti "makhalidwe abwino". Ndiponso musaphatikize zinthu zosiyana: kutenga mimba ndi nkhani ina, kukakamizidwa kugonana ndi nkhani inanso.

3. Werengani mitu mokweza. Jambulani kachithunzi pa mutu uliwonse kuti osadziwa kuwerenga asasokonezeke. Lolani mafunso ofuna kumvetsa okha. Nthawi yokopa anthu palibe, chifukwa mukailola, olongolola aja atenganso bwalo.

4. Gawani njere. Aliyense alandire njere zisanu, atsikana chimanga, anyamata nyemba. Mutu uliwonse ukhale ndi chitini chake chotseka, choboola pachivindikiro, ndipo zitinizo ziikidwe kuseri kwa chitenje. Munthu alowe yekha, ndipo asaponye njere zoposa zitatu m'chitini chimodzi. Chifukwa chotsekera zitini n'chakuti njere zikaunjikidwa poyera, obwera pambuyo amangotsatira mulu waukulu.

5. Werengani njere pamaso pa onse, chimanga pachokha, nyemba pazokha. Lamulo lilengezedwe musanayambe kuponya: mitu iwiri yotsogola kwa atsikana ndi iwiri yotsogola kwa anyamata ndiyo ipatsidwe nthawi. Mukangophatikiza njere zonse, pamene anyamata abwera ochuluka, zofuna za atsikana zimamira.

6. Mitu iwiri ikafanana njere, bwerezani kuponya pa iwiri yokhayo, njere imodzi munthu aliyense. Mitu yotsala isatayidwe. Ilembedwe m'kope, ndipo kalabu iliyonse itengeko umodzi wokakambirana kwawo.

Wotsogolera, apatironi, aphunzitsi ndi alendo saponya nawo. Ntchito yawo ndi kusunga nthawi ndi lamulo. Ndipo ngati bungwe limene lathandiza msonkhanowo lili ndi mutu wake umene likufuna ukambidwe, nenani poyera m'mawa momwemo n'kuupatsa ola lake. Kuuzembetsa pakati pa mitu ya achinyamata ndi chinyengo, ndipo achinyamata sachedwa kuzindikira.

Pepala losayenera kudikira

Nthawi zina mu katoni mumatuluka pepala limene silikupempha zokambirana koma likupempha thandizo, monga la wina amene wagwiriridwa kapena akuchitidwa nkhanza kunyumba. Pepala lotere siliikidwa pa mavoti, ndipo musayambe kufufuza kuti walemba ndani. Imani pamaso pa onse n'kunena zimene aliyense ayenera kudziwa: kuti wogwiriridwa athamangire kuchipatala asanathe maola 72 kuti akalandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, kuti chipatala chachikulu cha Mzuzu sichili kutali ndi kuno, kuti kupolisi kuli ofesi ya Victim Support, komanso kuti nambala ya 116 ndi yaulere. Kenako tchulani munthu wamkulu wodalirika amene akhale pamalo oduka mphepo msonkhano ukatha. Mwini pepala amva.

Titabwereza

Patapita miyezi ingapo tinakumananso, ndipo tinatsata njira imeneyi. Ena anadandaula kuti ola lathunthu lapita pa zoponya chimanga. Zoonadi nthawi imapita, koma tsiku loyamba lija tinataya tsiku lonse pa mitu imene ambiri sanaisankhe.

Mpira sunasowe, unalipo ndithu pa nyemba za anyamata. Kwa atsikana unatsogola mutu wa azibambo a ndalama. Koma chimene chinatidabwitsa tonse chinali chitini cha mutu wakuti "Ndimuuze bwanji bwenzi langa kuti ndili ndi kachirombo?" Mmenemo munali chimanga ndi nyemba zomwe, zambirimbiri. Holo yonse inakhala zii. Aliyense anaona ndi maso ake kuti funso limene ankati ndi lake yekha linali la anthu ambiri, ena ofuna kuulula, ena ofuna kudziwa choyankha akauzidwa.

Masana amenewo tinakambirana zenizeni. Tinafotokoza kuti munthu amene akumwa mankhwala mwandondomeko, mpaka kachirombo kosaonekanso akayeza kuchuluka kwake m'magazi, sapatsira bwenzi lake pogonana, ngakhale kuti kondomu imafunikabe popewa mimba ndi matenda ena opatsirana. Tinakambirana zoti munthu asankhe nthawi ndi malo ake, kuti angathe kupempha phungu kuti akhalepo, komanso kuti wouzidwa chinsinsi alibe ufulu wochifalitsa. Anyamata awiri anachita sewero, wina akuulula, wina akulandira uthengawo, ndipo gulu linawakonza mawu mpaka linakhutira.

Mtsikana uja analipo, anakhala pa benchi yachitatu pakati pa anzake. Sanakweze dzanja tsiku lonse, ndipo ine sindinamufunse kumene anaponya chimanga chake. Potuluka anangondipatsa moni ngati wina aliyense.

Achinyamata anzanga, msonkhano wanu wotsatira usanafike, konzani katoni imodzi, zitini khumi, chitenje, kapu ya chimanga ndi kapu ya nyemba. Pomaliza musaiwale kutolera njerezo, mwini wake akaphike.