Maboti awiri ofanana: weramani muone kunsi

Wogulitsa boti wochenjera ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear amakuitanani m'mamawa, panyanja pakadali bata. Nthawi imeneyo boti lililonse ndi labwino.

Tinene kuti pamchenga pali maboti awiri a faiba, onse otalika mamita 5 ndi theka, onyamula anthu 6, mtengo wake wosasiyana kwenikweni. Maso a ogula ambiri amathamangira pa penti ndi mipando. Koma kusiyana kwenikweni kumabisala kunsi. Lina mimba yake ndi yosongoka ngati chilembo cha V, linalo ndi yophwatalala.

Lophwatalala lili ndi zokoma zake. Mukaima pafupi ndi chilumba cha Thumbi kuti ana adumphire m'madzi kukaona nsomba za mbuna, silipendekeka ngakhale onse ataunjikana mbali imodzi. Limafika posaya, ndipo silifuna injini yaikulu kuti linyamuke.

Vuto ndi mwera. Mphepo imeneyi imachokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo nyanja yathu, yotalika makilomita opitirira 550, idagona motsata njira yake. Mafunde amakhala ndi mtunda wokwanira woti akulire, ndipo amabwera mothithikana. Boti lophwatalala siliwadula, limangowamenya ndi mimba: phwa! phwa! Agogo agwira msana, mwana wayamba kulira, chakudya chamwazika pansi. Mwana amene walira choncho, ulendo wotsatira mudzachita kumunyengerera kuti akwere.

Losongoka limang'amba mafundewo mofewa. Limagwedezeka likaima, limamwanso petulo wochulukirapo, koma kwa banja loyenda ndi ana ndi okalamba, ine ndingasankhe limeneli.

Kenako injini. Ya mphamvu za akavalo 90 mukaitsegula yonse imatha malita opitirira 30 pa ola, nkhani yosaseketsa m'dziko lomwe petulo amasowa nthawi zina. Ya four-stroke siwononga mafuta kwambiri, ilibe utsi wambiri, ndipo anthu amatha kucheza ikulira. Ya two-stroke imafuna oyilo wosakaniza ndi petulo, ndipo fungo lake limachititsa nseru mwana wokhala kumbuyo. Komabe ma Yamaha Enduro amene asodzi amadalira ndi amtundu umenewu, choncho makaniko woidziwa sasowa m'madooko. Four-stroke yamakono ikavuta, mwina pafunika kompyuta kuti vuto lidziwike. Musanapereke ndalama, funsani kuti aziikonza ndani komanso masipeya azichokera kuti.

Ngati botilo ndi logwiritsidwapo kale ntchito, gwirani mwendo wa injini muugwedeze mwamphamvu. Khoma lakumbuyo likamatsatira, ndiye kuti thabwa lomwe lili m'kati mwa faiba lidawola, ndipo kukonza pamenepo si ndalama zochepa. Muonenso ngati pali denga la lona (dzuwa la Okutobala pamadzi silichita nthabwala), makwerero okwerera pochoka m'madzi, majekete oyandamitsa a msinkhu wa ana, ndi mapepala a kalembera ku dipatimenti yoona za maulendo apamadzi.

Poyesa, pitani ndi banja lonse pamodzi ndi katundu amene mumanyamula, tsiku lomwe mphepo yayamba kukankha koma asodzi sanathawe panyanja. Maboti onse awiri ayende njira imodzi. Inu chokani pa chiwongolero, mukakhale kutsogolo kumene kudzakhale ana.